Anandikongola osabweza ndipo timapemphera mpingo umodzi: kodi kukhululuka n'kusiya ngongole?

Funso

Ndimakhala ku Chiputula muno mu Mzuzu ndipo ndimagulitsa zitenje. Chaka chatha mnzanga wa ku Umanyano (bungwe la amayi a kutchalitchi kwathu) anandipempha kuti ndimukongoze K600,000 akapikulire katundu ku Kyela, ku Tanzania, n'kulonjeza kuti abweza pakatha miyezi iwiri. Ndinamutumizira pa Airtel Money, bambo akunyumba osawauza. Anabweza K100,000 yokha. Pano foni sayankha, tikakumana kutchalitchi amayang'ana kumbali, chonsecho geni yake ikuyenda. Amayi anzanga akuti, "Ndinu Mkhristu, khululukani." Ndikamanena Pemphero la Ambuye ndimatsamwa ndikafika pa mangawa, ndipo ku Mgonero ndinasiya kupita. Kodi kukhululuka ndiye kuti ndalamazo ndiziiwale? Nanga ndipemphere bwanji mtima uli chonchi?

Yankho

Mayi, pepani ndi zomwe zakuonekerani. Ndalama ikamatayika kwa munthu wachilendo imawawa, koma ikatayika kwa munthu amene mumavala naye yunifomu imodzi ndi kuimba naye nyimbo imodzi, ululu wake umalowa mpaka m'pemphero. Yankho lachindunji ndi ili: kukhululuka n'lamulo kwa Mkhristu, koma sikutanthauza kuti K500,000 yotsalayo musaifunsenso. Mungathe kumukhululukira mnzanuyo ndi mtima wonse, n'kupitabe kwawo kukalonjerera ngongole. Amayi amene akukuuzani kuti mungokhululuka asakaniza zinthu zitatu zimene Malemba amazisiyanitsa: kukhululuka, kuyanjana, ndi kufafaniza ngongole.

Kukhululuka ndi kusiya kubwezera. Mumachotsa mlanduwo m'manja mwanu n'kuupereka kwa Mulungu, monga Paulo akunenera pa Aroma 12:19, ndipo mumaleka kumufunira munthuyo zoipa. Ichi mumachita nokha, kaya iye wapepesa kaya sanapepese. Pa Marko 11:25 Yesu akuti mukaimirira kupemphera mukhululukire aliyense amene muli naye chifukwa, ndipo sakuikapo zoti muyambe mwadikira kupepesa kwake. Kuyanjana kumafuna anthu awiri. Pa Luka 17:3 ndondomeko yake n'njakuti m'bale akachimwa umudzudzule, akalapa umukhululukire. Pamenepo pali kulankhulana, pali kuvomera cholakwa, ndiye ubale n'kubwerera m'malo mwake. Winayo akamathawa, kuyanjana sikutheka, ndipo Mulungu sakusenzetsani inu mlandu umenewo. N'chifukwa chake Aroma 12:18 imati tikhale mwamtendere ndi anthu onse ngati n'kotheka, kumbali yathu. Kufafaniza ngongole ndi mphatso. Mwini ndalama amaipereka mwaufulu ataganiza bwino, ndipo palibe woyenera kumuumiriza pomuchititsa manyazi.

Ndikuganiza kuti chimene chimakutsamwitsani pa mangawa paja ndi fanizo la pa Mateyu 18:23-35, la kapolo amene anakhululukidwa ngongole koma iye osakhululukira mnzake. Liwerengeni mofatsa. Kapolo woyambayo anali ndi ngongole ya matalente 10,000 kwa mfumu. Talente imodzi inali madinari pafupifupi 6,000, ndipo dinari imodzi inali malipiro a waganyu pa tsiku (Mateyu 20:2), choncho tikunena za malipiro a masiku 60 miliyoni, ngongole yoti munthu sangaimalize zivute zitani. Mnzake uja anali ndi ngongole ya madinari 100, malipiro a miyezi pafupifupi inayi. Si ndalama yochepa, ndipo Yesu sakuti n'zazii. Tsono onani chimene kapoloyo anachita: anamugwira mnzake n'kumukanyanga pakhosi, ndipo mnzakeyo atagwada n'kupempha kuti amulezere mtima adzabweza, iye anakana n'kukamutsekera m'ndende. Amene anamanidwa chifundo pamenepa ndi munthu woti ngongole anaivomera, ankangopempha nthawi. Chenjezo la fanizoli kwa inu lili pa tsiku limene mnzanuyo adzanene kuti "ndilezereni mtima". Tsiku limenelo simudzakhala ndi ufulu womuumira mtima. Koma kufunsa zanu fanizoli silikuletsa, ndipo Yesu analinena atangophunzitsa kumene, m'chaputala chomwecho, mmene munthu apitire kwa m'bale amene wamulakwira.

Amene amathamangira kukuuzani kuti khululukani nthawi zambiri sanenako kanthu kwa wokongolayo, pomwe Malemba ali ndi mawu olemera kwa iye. Salimo 37:21 imati wokongola osabweza ndi munthu woipa. Pa Levitiko 6:1-7, munthu amene wanyenga mnzake pa chimene anamusungitsa, kapena wamulanda zake, ankayenera kubweza zonse, kuwonjezapo limodzi mwa magawo asanu, ndi kubwera ndi nsembe kwa wansembe. Nsembe yokha popanda kubweza sinkakwanira. Zakeyu atakumana ndi Yesu analonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera (Luka 19:8). Ndiye mukangokhala chete, mnzanuyo mukumusiya akuimba nyimbo za Mulungu ali ndi chinyengo mumtima, ndipo mawa adzakongola kwa mayi wina wa mu Umanyano momwemo. Kumufunsa ndi njira imodzi yomukondera.

Mbali inayo nayonso isabisike. Pa Luka 6:34-35 Yesu akuti tikongoze osayembekezera kulandiranso, ndipo lamulo la pa Deuteronomo 15 linkati pakutha pa zaka 7 zilizonse Aisraeli azifafanizirana ngongole, kuti pasakhale munthu womira mu umphawi mpaka kalekale. Choncho funso loyenera kutsogolera zonse n'lakuti, kodi mnzanuyo akulephera kubweza kapena akukana? Panopa simukudziwa. Benchi lodzaza ndi katundu si umboni. Amalonda ambiri amayala katundu wangongole. Wina amakhala kuti ali m'mabanki mkhonde awiri ndi katapila pamwamba pake, wina mpamba unathera pa msonkho pa chipata cha Songwe kapena pa matenda a mwana. Munthu wothawa foni nthawi zambiri amakhala akuthawa manyazi. Zikhozanso kutheka kuti ndalama ali nazo, akungokuonani kufatsa. Zonsezi mudzazidziwa mukakhala naye pansi.

Musanapite kwa iye, yambani ndi bambo akunyumba. Mwalemba kuti simunawauze, ndipo simunanene ngati pano akudziwa. Pa nkhani imeneyi wofunika kupepesa ndinu, ngakhale ndalamazo zinali za geni yanu, chifukwa K600,000 ikachoka pa mpamba, chakudya ndi fizi pakhomo zimagwedezeka. Auzeni nokha asanamvere kwa ena, pakuti nkhani ikafika kwa akulu a mpingo idzawapeza ndithu. Nenani ndalama yeniyeni, tsiku, ndi zimene mukufuna kuchita. Musachepetse chiwerengero kuti mkwiyo uchepe. Bodza lachiwirilo limapweteka banja kuposa ngongoleyo. Apempheninso kuti asapite okha kukakalipa kwa mnzanuyo. Ngati mukuopa kuti akumenyani akamva, auzeni pali ankhoswe kapena mkulu wa mpingo.

Kenako konzani nkhani yanu papepala. Lembani tsiku limene munatumiza ndalama, kuchuluka kwake, tsiku limene munagwirizana kuti abweze, ndi tsiku limene K100,000 ija inabwera. Mauthenga a Airtel Money ndi a WhatsApp muwajambule n'kuwasunganso pafoni ina, chifukwa foni imatayika. Musawonjezepo chiwongoladzanja chimene simunapangane. N'zoona kuti ndalama yogonera kwa munthu imatha mphamvu; amene anali ndi ndalama zawo kwa ena mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, anadzionera okha. Koma mukangoti "pano yafika K700,000", nkhani imasiya kukhala ya kusabweza kwake n'kusanduka ya katapila wanu, ndipo ngakhale amene akanakuikirani kumbuyo adzabwerera. Chinanso, gwirani pakamwa. Osaika zining'a pa status ya WhatsApp, osaipereka nkhaniyi ngati chopempherera ku Umanyano ndi mawu akuti "tipempherere anthu ena odya za eni", pomwe aliyense akudziwa amene mukunena. Levitiko 19:16-18 imaika zinthuzi pamodzi: usayende ndi miseche, usamude m'bale wako mumtima, umudzudzule, usasunge chakukhosi. Munthu amene wanyozedwa kale pagulu alibenso dzina loti ateteze, ndipo kubweza kumamutalikira.

Gawo loyamba la Mateyu 18:15-17 ndi kupita nokha, inu ndi iye basi. Foni siikwanira, ndipo uthenga wolemba munthu amauwerenga ndi ukali umene inu simunaikemo. Musamupeze pabenchi pake makasitomala ali pomwepo, kapena pakhomo la tchalitchi anthu akutuluka. Mutumizireni uthenga waufupi wopempha kuonana. Akapanda kuyankha, pitani kunyumba kwake pa nthawi imene mukudziwa kuti amuna ake kulibe ndipo ana ali kusukulu. Ichi musachipeputse. Amayi ambiri amakongola amuna awo osadziwa, ndipo kuiulula nkhaniyi pamaso pa bamboyo kungamumenyetse mnzanu. Musamuopsezenso kuti mukawauza. Mukafika, odi, moni, mukhale pansi monga mwa masiku onse, ndipo mawu anu akhale ochepa: "Achemwali, ndabwera ndekha chifukwa sindikufuna nkhaniyi imveke kwina. Tsiku lakuti ndinakutumizirani K600,000, mwabweza K100,000, yatsala K500,000. Chandiwawa kwambiri n'chakuti mwasiya kundiyankha. Ndiuzeni, chinachitika n'chiyani?" Mukatero khalani chete, alankhule mpaka amalize. Musayambe ndi mavesi, musatchule chitenje chake chatsopano kapena nsapato za ana ake, musakumbe zakale. Yesu akuti akakumverani mwamubweza m'bale wanu. Cholinga cha ulendowu n'chimenecho, ndipo m'bale akabwerera, ndalama siivuta kukambirana.

Akavomera n'kupepesa, muuzeni pomwepo kuti mwamukhululukira, ndiye mukambirane za kabwezedwe. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Misozi ikatuluka amachita manyazi kutchula ndalama, n'kusiyana ndi mawu akuti "ndiyesetsa". Pakatha mwezi zinthu zimabwerera pomwe zinali, chakukhosi chitawonjezeka. Mufunseni kuti angakwanitse zingati, ndipo musamukakamize kulonjeza zoposa mphamvu zake. Kwa munthu wa geni, kubweza pa sabata kumapepuka kuposa pa mwezi, chifukwa ndalama yake imalowa tsiku ndi tsiku ndipo siigona m'thumba. K12,500 Loweruka lililonse imamaliza K500,000 pa masabata 40, pomwe K50,000 ya kutha kwa mwezi, ngakhale ili pafupifupi chimodzimodzi, imamupeza ataodera kale katundu. Lembani mapepala awiri ofanana, otchula ndalama yotsala, ya pa sabata ndi tsiku loyambira, nonse musaine, aliyense atenge lake. Azitumiza pafoni kuti umboni uzisungika wokha. Mugwirizanenso kuti sabata imene zavuta, woyamba kuimba foni azikhala iye. Wina akanena kuti Akhristu salemberana, mukumbutseni kuti Paulo, pa nkhani ya Onesimo, analembera Filemoni ndi dzanja lake kuti ngati pali ngongole adzabweza ndi iye (Filemoni 18-19).

Akakupatsani chikole mwa kufuna kwake mukhoza kulandira, koma musalowe m'nyumba mwake kukanyamula TV kapena matiresi, ndipo musatume anyamata. Deuteronomo 24:10-11 imati wokongoza aime panja, wokongolayo atulutse yekha chikole, ndipo vesi 6 imaletsa kutenga mphero ya munthu chifukwa kutero n'kutenga moyo wake. Lero mpheroyo ndi makina osokera, katundu wa pabenchi, njinga ya kabaza. Mukalanda chimene amapezera ndalama, adzakubwezerani ndi chiyani? Kulanda katundu popanda chilolezo cha khoti kungakusandutseninso inu wolakwa pamaso pa lamulo.

Akakana, akazemba, kapena akaswa pangano kangapo osanena kanthu, mpatseni masabata awiri kapena atatu, ndiye mubwerere ndi munthu mmodzi kapena awiri. Yesu akutenga izi pa Deuteronomo 19:15, kuti nkhani itsimikizike ndi mboni ziwiri kapena zitatu. Anthuwa sakupita kukakuthandizani kukalipa. Mng'ono wanu, amuna anu, kapena mnzanu wapamtima sayenera, chifukwa mnzanuyo akangowaona adzadziwa kuti kwabwera nkhondo. Sankhani mkulu wa mpingo wa dera lake ndi mayi mmodzi wachikulire amene iye amamulemekeza, anthu odziwa kusunga chinsinsi, ndipo mumudziwitse kuti mukubwera ndi ayani. Muno mu Mzuzu muli chinthu china choti musamale. Mumpingo umodzi mumakhala Atumbuka, Atonga, Ankhonde, Achewa ndi ena, ndipo mkangano wa ndalama suchedwa kusanduka nkhani ya mitundu. Ngati inu ndi mnzanuyo mumasiyana kochokera, mboni zisakhale za kwanu zokhazokha, ndipo iye aloledwe kufotokoza m'chilankhulo chimene amamasuka nacho. Konzekaninso kumva zanu. Mboni zabwino zikhoza kupeza kuti munamulankhula mawu opweteka kapena munamunena kwa anthu, ndipo pamenepo pepesani osaikapo "koma".

Zikakanika apo, nkhani ipite kumpingo. Kuuza mpingo sikutanthauza kulengeza kutsogolo Lamulungu. Poti mwatchula Umanyano, ndikuganiza kuti muli mu CCAP, Sinodi ya Livingstonia, kumene nkhani imadzera kwa mkulu wa mpingo n'kufika ku seshoni, bwalo la abusa ndi akulu a mpingo. Mipingo ina ili ndi njira zake, koma mfundo ndi yomweyo, kuti amve nkhaniyi ndi atsogoleri ochepa m'chipinda. Pemphani zinthu ziwiri: kuti nonse mumvedwe muli pamodzi, ndi kuti chigamulo chilembedwe, chotchula ndalama ndi masiku. Chimene chimalakwika kawirikawiri pabwalo la mpingo n'chakuti akulu amafuna mtendere wamsanga. Amawerenga vesi, amapemphera, amati gwiranani chanza, nkhani ya ndalama osaikhudza. Kumeneko n'kumanga chilonda osachitsuka: pamwamba pamaoneka bwino, mkati mafinya akusonkhana. Mukaona zikulowera kumeneko, nenani mwaulemu kuti, "Ndamukhululukira ndipo chanza ndigwira, koma ndikupempha akulu atithandize pa kabwezedwe." Akapanda kumvera ngakhale mpingo, Yesu akuti akhale kwa inu ngati wakunja ndi wamsonkho. Za chilango n'za akulu, si zanu. Kwa inu zikutanthauza kuti mawu ake simuwadaliranso monga a m'bale, komabe moni mumamupatsa ndipo mumamupempherera, pokumbukira kuti Yesu amisonkho ankadya nawo.

Za kukhoti, 1 Akorinto 6:1-8 ndi mawu olemera ndipo sindikufuna kuwapeputsa. Paulo akudzudzula Akhristu othamangira kwa oweruza akunja pa milandu ya tsiku ndi tsiku, akudzudzula mpingo wosowa munthu wanzeru ndi mmodzi yemwe woweruza abale, ndipo akufunsa kuti bwanji osangolola kulakwiridwa. Akhristu ena amaima pamenepo n'kunena kuti khoti ayi, ndipo ndimawalemekeza. Kuona kwanga n'kwakuti munthu amene watsata njira zonse zitatu, winayo n'kukana ngakhale akulu, pomwe ndalama ali nazo ndipo ana a wokongozayo akusowa fizi, sachimwa popita kwa majisitireti, pakuti Aroma 13 imati olamulira nawonso ndi atumiki a Mulungu. Koma ikhale njira yomaliza, ndipo akulu a mpingo muwadziwitse musanapite. Kupolisi musapite kuti akamutsekere. Ngongole yotere ndi mlandu wa pakati pa anthu awiri, ndipo ndime 19 ya malamulo aakulu a dziko lino imaletsa kumanga munthu chifukwa cholephera kukwaniritsa pangano. Timati mlandu suola, koma kukhoti ngongole ili ndi malire: ikapitirira zaka 6 osaisumira ikhoza kukanidwa. Werengeraninso masiku amene mudzatseke benchi kuti mukakhale kukhoti, ndipo dziwani kuti chigamulo sichibala ndalama pamene palibe.

Tsono za pemphero, pakuti pamenepa m'pamene mwavulala kwambiri. Musayambe ndi mawu okoma amene mtima wanu sukuwavomera. Tsegulani Salimo 55, makamaka vesi 12 mpaka 14, pamene wolemba akudandaula kuti akanakhala mdani akanapirira, koma womuchita chipongweyo ndi mnzake weniweni amene ankayenda naye limodzi kunyumba ya Mulungu. M'salimoli muli mawu aukali, koma onani kuti munthuyo akuwauza Mulungu, sakunyamuka kukabwezera yekha, ndipo pa vesi 22 akutula katundu wake kwa Yehova. Werengani mokweza, ndiye muuzeni Mulungu zanu mmene zilili: ndakwiya, ndachita manyazi, ndikuopa za fizi. Kenako nenani mawu a chisankho, mukutchula dzina lake: "Ambuye, uje ndamukhululukira, sindimubwezera, mlandu wake ndaupereka kwa Inu." Mtima ukhoza kukhala usanafike pamenepo, nenanibe, chifukwa kukhululuka kumayamba ndi kutsimikiza, kupepukidwa kumabwera mochedwa. Pomaliza mumupempherere zinthu zenizeni, monga Mateyu 5:44 ikulamulira: kuti geni yake iyende, ana ake akhale bwino, mantha ndi manyazi zimuchoke kuti anene zoona. Ndalama yanu nayonso ipempherereni kuti ibwere, palibe cholakwika. Chitani izi tsiku lililonse pa nthawi imodzi, mphindi zisanu zokha zikwanira, ndipo mkwiyo ukabweranso, monga mukamuona atatchena Lamulungu, bwerezani mawu omwewo. Kubwerera kwa mkwiyo sikutanthauza kuti munanama poyamba. Petro anafunsa ngati kukhululuka kasanu ndi kawiri n'kokwanira, Yesu n'kumupatsa chiwerengero choti asamawerenge n'komwe (Mateyu 18:21-22), ndipo nthawi zina maulendo ambiriwo amathera pa cholakwa chimodzi chomwecho.

Pewani mapemphero otumiza moto. Alipo amene angakuuzeni kuti mubweretse dzina kapena chithunzi chake pamodzi ndi ndalama ya "mbewu", kuti amupempherere asaone tulo mpaka abweze, kapena geni yake igwe. Kumeneko n'kulodza potchula dzina la Yesu, ndipo mudzangotayanso ndalama ina. Yakobo ndi Yohane atafuna kuitanitsa moto pa mudzi wa Asamariya umene unakana kumulandira Yesu, iye anatembenuka n'kuwadzudzula (Luka 9:54-55). Mukafuna kudziwa pamene mtima wafika, musadzifunse ngati ululu watha. Dzifunseni kuti, mutamva kuti kwawo kwagwa maliro, mupita kukagona kusiwa ndi kuphika nawo? Mwana wake atagonekedwa ku chipatala cha Central, mukamuona? Mukatha kuchita zimenezo ngongole ikadalipo, mwakhululuka, ndipo n'zimene Aroma 12:20 ikunena za kudyetsa mdani akakhala ndi njala.

Ku Mgonero bwererani. Ambiri amadziletsa chifukwa cha Mateyu 5:23-24, pamene Yesu akuti usiye mphatso yako paguwa, ukayambe wayanjana ndi m'bale wako. Koma mawuwo akupita kwa munthu amene wakumbukira kuti m'bale wake ali naye chifukwa, kutanthauza wolakwayo. Pa ngongoleyi woyenera kunyamuka ndi mnzanuyo. Inu vesili likukukhudzani pa nkhani ya bambo akunyumba, ndi pa miseche ngati munamunena. Paulo akuti munthu adziyese yekha ndipo atatero adye (1 Akorinto 11:28). Sakuti adziyese n'kuthawa. Mukakonza zakunyumba, mukasiya kumufunira zoipa, mukayamba njira yopita kwa iye, palibe chokuletsani, ngakhale iye asanabweze ndi tambala yomwe. Uzani mkulu wa mpingo wanu mmene zinthu zilili Mgonero usanafike, ndipo mnzanuyo akabwera pagome lomwelo, za mumtima mwake musiyire Mwini gome.

Kumukhululukira sikukukakamizani kumukongozanso. Yosefe abale ake sanawabwezere, koma anayamba wawayesa kuti aone ngati anasintha asanadziulule kwa iwo (Genesis 42-45). Akadzapemphanso mukhoza kukana mwaulemu, kapena kumupatsa kangachepe ngati mphatso.

Mukakhala naye pansi n'kupeza kuti mpamba unathadi, ngongole zamuzinga ndipo pakhomo akugona ndi njala, pamenepo mawu a pa Luka 6 aja akulankhula ndi inu, ndipo ndingakulimbikitseni kufafaniza, yonse kapena gawo lake, malinga ndi mmene pakhomo panu pangapiririre. Muchite mwadongosolo. Gwirizanani kaye ndi bambo akunyumba. Mutchule chiwerengero: "Pa K500,000 ija, K300,000 ndakusiyirani, K200,000 muzibweza K5,000 pa sabata." Ngati mwasiya yonse, muuzeni momveka, pamaso pa mboni zija ngati nkhani inawafika, ndipo mumupatse pepala lanu aling'ambe yekha, kuti asamakuzembeni chifukwa cha ngongole yomwe kulibenso. Kuyambira tsikulo simuitchulanso, kwa iye, kwa ana ake, kapena popereka umboni kutchalitchi.